Kadontho Kamodzi, Zitseko Ziwiri

Kumunsi kwa msika wa Zomba kuli nyumba ina ya khonde lalitali ndi zitseko ziwiri. Cha kumanzere ndi cha Che Mahmud, telala wa luso losakayikitsa koma wa khosi louma ngati mtengo wa tsanya. Cha kumanja ndi saluni ya Fyness, mayi wa nsangala, amene anabwera pamalopo mkuluyu atakhazikika kale. Mita ya magetsi inali imodzi, mpopi umodzi, tsache lomwe limodzi. Popeza m'kati munali mdima, Che Mahmud ankasokera pakhonde, tepi ili m'khosi, phiri lili kumbuyo kwawo.

Mkuluyu anali ndi chilonda chimene sankaonetsa munthu. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Bushra, anamupirikitsa ndi pakamwa pawo akadali ku Songani, chifukwa cha mwamuna amene iwo sanamufune. "Ukatuluka pakhomo pano usadzapondenso," anatero. Mwanayo anatulukadi, ulendo wa ku Joni ndi mwamunayo. Mayi a mwanayo atamwalira, Che Mahmud anagulitsa nyumba n'kukachita lendi ku Sadzi. Manambala a foni anasintha, mbiri inangoti zii. Koma Idi iliyonse ikayandikira ankasoka diresi la Bushra, n'kusiya nsalu yambiri m'misoko kuti mwina mwanayo ananenepa, kenako n'kulipinda bwinobwino kuliika m'sutikesi. Minibasi ya ku Blantyre ikamatsitsa anthu, phazi lawo linkaima lokha pa makina. Ankamusowa mwanayo, kumusowa kwenikweni.

Mkangano unayamba ndi mapu a pa foni. Fyness analembetsa saluni yake, kuikapo nambala ndi zithunzi. Pambuyo pake kasitomala wina wa ku yunivesite anawalembetsanso Che Mahmud ndi dzina lolembedwa pakhoma lija, Smart Boy Tailors. Tsono nyumba ndi imodzi, ndiye maina awiriwo anasanjikizana pa kadontho kamodzi. Ukatsegula mapu linkaoneka ndi la saluni, la telala mpaka utambasule ndi zala. Anthu ofuna masuti ankafika akudandaula kuti asochera, ndipo ena ankaima pamaso pa mkuluyu n'kufunsa kuti, "Koluka tsitsi ndi kuno?"

"Bambo, nkhaniyi ndi yaing'ono," anatero Fyness. "Tilembe kuti inu ndi chitseko choyamba, ine chachiwiri. Muikepo dzina lanu lenileni ndi chithunzi, ndiye kadontho kanu tikasunthire kumanzere pang'ono."

"Ndisunthe ine? Amayi, munandipeza pano. Amasuntha ndi wobwera. Ndipo nkhope yanga si tomato woti n'kuyala pamsika."

Ha, kuuma mutu! Kuyambira tsiku limenelo aliyense wobwera kudzatenga zovala, mkuluyu ankamupempha monyengerera: "Tandithandizani, mapuwa analakwitsa. Tsegulani pa foni yanupo, muwauze kuti saluni imeneyi pano palibe." Anthu ambiri sankafunsa n'komwe, ankangodina kuti telala awapatse thalauza lawo msanga. Madandaulo atachuluka, eni mapu anakhulupirira, saluni ya Fyness n'kufufutika pamodzi ndi nambala ndi zithunzi zonse. Pa kadonthopo panatsala Smart Boy Tailors yokha, yopanda nkhope, yopanda dzina la munthu.

Atsikana a ku yunivesite, amene amatsata foni kuposa maso awo, anayamba kukalukitsa kwina. Fyness ankangokhala pakhomo manja ali m'masaya, osadziwa chomwe chamuluma. Che Mahmud ankapalasa makina awo mosatekeseka, mumtima akuti zakhala bwino. Mvula inagwa mpaka kutha mayiyo akulimbana ndi eni mapu, kujambula chikwangwani, chitseko ndi magalasi kuti atsimikize kuti alipo. Saluni inabwerera pa mapu chimanga chitauma kale m'minda.

Sabata isanathe, masana ena, Fyness anatuluka foni ili m'manja, zala zili noninoni ndi mafuta a tsitsi.

"Bambo, taimitsani kaye makinawo. Kodi muli ndi mwana dzina lake Bushra?"

Mkuluyu anailandira foniyo n'kuiika kukhutu. Mawu anali omwe aja, kungoti okhwimirapo.

"Ababa, ndine."

"Mwananga! Uli kuti?"

"Ku Joni. Koma mu Disembala ndinabwera ku Zomba, ababa. Ndinabwera ndi mdzukulu wanu."

Bushra anafotokoza akulira. Akalisowa dziko lakwawo ankatsegula mapu a Zomba n'kumangoyang'ana zithunzi za mashopu. Tsiku lina pa chithunzi cha saluni ina anaona khonde, ndipo m'mbali mwa chithunzicho munali munthu wa imvi, tepi m'khosi, atawerama pa makina. Anawazindikira ndi mapewa. Chithunzicho ankachiyang'ana tsiku ndi tsiku mpaka analimba mtima n'kupempha tchuthi kuntchito.

"Ndinkafuna ndilowe m'saluniyo ngati wodzalukitsa, ndikuyang'aneni kaye pawindo, ndione ngati nkhope yanu inafewa. Koma nditafika ku Blantyre, kutsegula mapu, saluni palibe. Nambala sindinasunge, ndinkati ili pomwepo. Ndinazungulira tauni yonse, koma khonde lililonse ku Zomba kuno lili ndi phiri kumbuyo. Wa kabaza wina anayang'ana pa foni yake n'kundiuza kuti imeneyo inatsekedwa. Lero ndaiona yabwerera pa mapu, ndiye ndaimba."

"Bwanji sunafunse dzina langa? Ku mzikiti amandidziwa!"

"Ndinkaopa, ababa. Ndinkati mukamva kuti ndikukufunani mudzanena mawu aja kachiwiri, mwana akumva. Dzina loti Smart Boy Tailors ndinaliona ndithu pa mapu, koma ndikanadziwa bwanji kuti ndi inu?"



"Tsiku lomaliza tinakwera kuphiri," anapitiriza Bushra. "Ndinamunyamula mwana n'kumuonetsa madenga a tauni yonse, ndikuti agogo ako ali pansi pa limodzi mwa amenewa. Anabayibitsa, ababa. Anabayibitsa tauni yonse kuti inu musatsale. Dzina lake ndi Mahmud."

"Ubweranso liti?"

"Ntchito ndi mapepala, ababa. Mwina chaka cha mawa. Mwina chinacho."

Foni itaduka, mkuluyu anaibweza ndi manja awiri. Fyness ankapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Amene anandifufuta pa mapu uja, kaya ndani, Mulungu amuone," anatero. "Onani zimene wakuchitani, bambo."

Che Mahmud anakweza maso kuphiri. Mu Disembala ankaliyang'ana phiri lomweli akamatsuka kumaso pampopi, osadziwa kuti pamwamba pake pali kadzanja kakuwabayibitsa. Kenako anayankhula motsitsa kwambiri.

"Amayi, zija munkanena za chitseko choyamba ndi chachiwiri. Tachitani. Ndi dzina lomwe, ndi chithunzi chomwe."

M'mawa mwake anabwera ndi sutikesi kuchokera ku Sadzi. Anapachika madiresi onse aja pakhonde, kuyambira laling'ono mpaka la Idi yathayi, nakhala pakati pake kuti Fyness awajambule. Lero mukatsegula mapu mupeza maina awiri oyandikana mwamtendere, ndi nkhalamba yoyang'ana kamera ngati ikudikira kuti wina atulukiremo. Amayankhulana ndi Bushra Lachisanu lililonse, koma mdzukulu sanamunyamulebe, ndipo minibasi ya ku Blantyre ikaima phazi lawo limaimabe pa makina. Ankati akufufuta dzina la mnzawo, chonsecho ankafufuta njira ya mwana wawo yobwerera kwawo. Akuluakulu sananame: choipa chitsata mwini.