Handiredi peresenti ya Che Sauda

Che Sauda anafika kwa Shehe Imedi swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo lija, itangotha, mapepala ali m'khwapa. Shehe wathu wa ku Ntajayu anaphunzitsa masamu ku sekondale zaka makumi atatu, ndipo womposa m'Machinga monse simungam'peze, koma anawapeza ali pakhonde akusoka mkeka wa kumadrasa.

Mayiwa ankagwira ntchito pachipatala. Kuti apite kusukulu ya unamwino pankafunika kirediti ya masamu, ndipo mayeso a Fomu 4 anali atatsala milungu itatu. Masamuwo anali atawagwetsa kale kawiri.

"Asalamu alaikumu, Shehe."

"Waalaikumu salamu, mayi. Khalani."

"Sindinabwere kudzaphunzira ayi. Ndingofuna mundiuze amene amandipondereza kochonga mayesoko. Taonani, mapepala akale ndimadzichonga ndekha: handiredi, handiredi, apanso handiredi. Mutu uwu si wobwereka!"

Shehe anabaya singano pamkeka, natenga pepala limodzi. Panali mafunso makumi awiri. Anaona kuti asanu ndi atatu ndi oyankhidwa bwino lomwe, enawo angodulidwa mzere.

"Nanga awa analakwanji?"

"Amenewo ndi ankhaninkhani. Mlimi wasakaniza feteleza mwa resho yakuti, thanki yatsika ndi maperesenti akuti. Masamu kapena nthano? Ine ndimadumpha, ndimawerengera amene ndayankha."

"Mashaallah, dzanja lanu ndi laukhondo. Mundithandizeko kafunso kena kandivuta, poti maso akalamba. Munthu wapatsidwa mafunso twente. Wayankha eyiti, wakhoza onse. Wapeza maperesenti angati?"

Che Sauda anaseka. Zoti n'kufunsa munthu wamkulu zimenezi?

"Eyiti pamwamba, twente pansi, kutaimusa ndi handiredi. Fote peresenti. Ameneyo kirediti aiiwale, Shehe, n'chitsiru cha..."

Anayang'ana pepala lili m'manja mwa Shehe, nakokera mpango kumaso.

Shehe anatenganso singano yawo, nanena mofatsa:

"Funso lankhani limenelo mwalikhoza osagwira cholembera, ndiye musati simutha. Koma nambala yapamwamba yokha ndiyo yanu, mayi. Yapansi amaika ndi mwini mayeso, ndipo sachotsapo zimene mwadana nazo. Ngakhale Allah sadzatifunsa swala zokhazo zimene tinaswali. Adzawerenga zonse zimene anatilamula. Mawa mubwere ndi mafunso khumi ndi awiri aja, tiyambire pa feteleza."