Tebulo la Miyendo Yothawira

Mtendere utabwera, Zeferino anabwerera ku Milange ndi mkazi wake Dina, mphasa ziwiri, ndi chinthu chimodzi chimene ankachisamala ngati khanda: makina osemera chitsulo, amene kuno amati torno. Anawagula okutha kale kwa mmisiri wina wa ku Mulanje, nthawi imene banjali linkakhala mu kampu ya othawa nkhondo. Anamanga chisakasa m'mbali mwa msewu wa kumalire, nakhazika makinawo pa tebulo la matabwa, kainjini ka dizilo kali pambali. Ntchito sinkasowa, pakuti njinga zonyamula chimanga kupita ku Muloza zinkathyoka maekiselo tsiku ndi tsiku.

Koma injini ikangolira, tebulo linkayamba gule. Lamba akukokera uku, miyendo ikugwedera uko, mpeni wa makina n'kumadya chitsulo mokhota.

Mlamu wake Hermínio, mmisiri womanga nyumba, munthu wosadziwa kubisa Chichewa, anaima tsiku lina n'kupenyetsetsa.

"Alamu, chitsulo cholemera chonchi sichikhala pa matabwa. Tikumbe pansi, tithire konkire, tichimange ndi mabawuti."

"Ndichimangirire pansi?" anayankha Zeferino. "Nanga mfuti zikadzaliranso ndidzachinyamula bwanji? Kale ndinasiya nyumba ya njerwa ili chitsegulire. Kachiwiri ayi."

Anangoika timiyala kunsi kwa miyendo ya tebulo n'kupitiriza. Eni njinga sankadandaula pamaso pake. Ankamupatsa moni wonona womutchula mmisiri m'Chipwitikizi, "Mwaswera, mestre," kenaka n'kukankha njinga zawo kuwoloka mlatho, kukakonzetsa ku Malawi. Pofika nyengo yokolola, chisakasa chija chinali zii, ndipo iye ankati anthu angomuchitira nsanje.

M'mawa wina Hermínio anatulukira gudumu la njinga yake lili paphewa, bondo likuchucha magazi. Ekiselo ya Zeferino inali itamuthyokera pa mtsetse, thumba la simenti lili pa kaliyala. Sanalonjere. Anatola ekiselo ina yosema kumene, naigubuduza pa thabwa losalala. Inayenda modumphadumpha ngati nkhuku yothyoka mwendo.

"Onse okusekererani aja athawa, alamu. Ine ndine wanu, ndinena. Thupi munabwera nalo, koma mtima ukadali pa mtolo. Tebulo ili lili ndi miyendo yothawira, ndiye chitsulo chiwongoka bwanji?"

Mawuwo anamulasa. Masiku angapo sanalankhulane ndi mlamu wakeyo, ndipo pakhomo ankangoyenda atatupa. Dina anamulekerera, mpaka tsiku lina akuthirira kuseri kwa nyumba ananena ngati akulankhula ndi nthaka.

"Bambo, ine mango awa ndabzala pansi. Mwaona ndikuwasunga m'chitini?"

Zeferino anatenga khasu n'kulunjika kwa Hermínio.

Awiriwo anakumba m'chisakasa muja mpaka kupeza dothi lolimba. Pansi anayala miyala yophwanya, naluka zitsulo zimene anazitola m'mabwinja a sitolo ina yogwa ndi nkhondo. Simenti inali yomwe ija ya pa kaliyala, ndipo Hermínio sanafune kumva za malipiro. Mabawuti anawamiza konkire ikadali yaiwisi, atayeza bwino ndi mabowo a makina. Zeferino anafuna kukweza torno mkucha wake, koma mlamu anamugwira dzanja.

"Mwayambanso liwiro? Fundikani masaka, muzithirira m'mawa ndi madzulo. Konkire imakhwima ndi madzi."

Ulendo uno anamvera. Itakhwima, amuna a m'mudzi anadzakweza makinawo ndi mitengo, mabawuti n'kumangidwa. Hermínio anaika kapu yodzaza madzi pamwamba pa benchi yatsopano ya konkireyo, injini n'kulira. Madzi sanatayike ngakhale dontho. Ekiselo yoyamba inagubuduka pa thabwa lija mosalala mpaka kumapeto.

Zeferino anasisita konkire yozizirayo, misozi ili m'maso, ndipo sanachite nayo manyazi.

"Alamu, chimenechi sindingathawe nacho."

"N'chifukwa chake tachimanga," anatero Hermínio.

"Zikomo. Mwandibweza kwathu."

Njinga zinayambanso kuima pa chisakasa chija, imodzi imodzi, mpaka zina zochokera tsidya lija. Zeferino wakalamba tsopano, mango a Dina aphimba denga, ndipo benchi ili pompo. Akamva munthu akudandaula kuti wina wamulankhula mokhadzula, amamuonetsa chipsera cha pa bondo la mlamu wake. Okusekerera amakusiya ukugwa, koma wakutsina khutu ndi mnansi.