Nangula wa a Mkwepu

Ana inu, musamangotchula miyambi ngati mukukukuta chimanga chokazinga. Uliwonse uli ndi kwawo. Uwu kwawo ndi ku Nkhotakota, m'boti la matanga la a Mkwepu.

Botilo a Mkwepu analikhoma okha ndi matabwa a mlombwa, ndipo ankalinyadira kuposa mmene ena amanyadira ana. Linkanyamula mpunga ndi anthu m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Koma ukalamba sugogoda pakhomo. Msana unayamba kukana, moti akakoka nangula ndi tcheni chake chachitsulo, ankagona masiku akubuula. Ana awo anagwirizana kuti botilo ligulitsidwe, bambo akapume. A Mkwepu zinawawawa mumtima, chifukwa iwo popanda boti sankadziona ngati munthu.

Anapita kwa alamu awo a Lemani, okonza mainjini, mchimwene wa akazi awo Nangondo.

"Alamu, ndamva kuti kuli makina okoka nangula ndi magetsi."

"Alipo, amati winchi," anatero a Lemani. "Kodi mwavomera tsopano kuti mlongo wanga anakwatiwa ndi nkhalamba?"

Anakaona mawinchi awiri. Ina inali yaing'ono, yonyezimira, yongomangirira pamwamba. Inayo inali yaikulu, yosakongola, ndipo kuti ikhale bwino panafunika kuboola thabwa la kutsogolo kwa boti. A Mkwepu maso anali pa yaing'onoyo. A Lemani sanatsutse. Anangokoleka nangula ndi tcheni chonse pasikelo ya mpunga, n'kuwaonetsa kulemera kwake.

"Kakang'onoka kangakoke izi nyanja ili bata. Nanga mwera ukamakankha boti? Winchi amagula poganizira tsiku loipa, alamu."

A Mkwepu anasankha yaikuluyo, koma atafika pa thabwa lija anaima. Linali thabwa loyamba limene anapala pomanga botilo, losalala ngati chipande. A Lemani atatenga sowo, iwo anawagwira dzanja.

"Bweretsani. Ngati n'kulivulaza, ndilivulaze mwini wake."

Anacheka okha, misozi ili m'maso. Pansi pake anaikapo thabwa lina lochindikala, mabawuti n'kudutsa onse awiri, kuti winchi ikamakoka isazule mutu wa boti. Batire linatenga malo a matumba awiri a mpunga, mawaya onenepa ngati chala akuyenda m'nthiti za boti. Pomaliza anaika batani loponda ndi phazi. Anzawo padoko ankaseka, amvekere, "A Mkwepu agulira boti wailesi!"

Tsiku lina m'mawa anaima pafupi ndi miyala, akukweza amayi opita kumsika. Mwera unadzuka mwadzidzidzi. Mafunde anayamba kukankhira boti kumiyala, ndipo nangula anali atamira m'thope, osagwira zolimba koma osafunanso kutuluka. Kale pamenepo pakanafunika amuna atatu ndi nthawi, ndipo zonse ziwiri panalibe. Amayi anayamba kulira.

"Khalani pansi!" anakuwa a Mkwepu.

Anaponda batani. Winchi inabangula, tcheni chinakungika, boti lonse linanjenjemera. A Mkwepu anayang'ana thabwa lawo lija. Silinasunthe. Kenaka nangula anazuka, tcheni chikulowa gwedegwede, chikuwaza thope lakuda pa malaya awo oyera, kumaso, ndi pa matabwa onse amene ankapukuta m'mawa uliwonse. A Mkwepu anamasula thanga, mphepo inaligwira, boti linatembenuka n'kuisiya miyala kumbuyo. Amayi aja analulutira mpaka kumsika.

Padoko panalibenso woseka. Mwana wawo wamkulu, yemwe uja ankafuna kugulitsa boti, anawalandira chingwe ndi manja awiri. A Mkwepu anatsika ali chiwongokere, msana uli zii, mtima utadzaza kunyada.

Koma munthu sasowa chodandaula. Anapeza Nangondo ali kudimba, akuwokera mpunga, thope lili m'maondo.

"Taonani malaya anga, Nangondo. Boti langa analiboola, katundu wachepa, ndiye chimakinachi chikundithiranso thope."

Nangondo anaweramuka, n'kuwayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuseka.

"Bambo, boti mukadali nalo?"

"Ndili nalo."

"Nanga msana?"

"Uli bwino."

"Ndiye taonani miyendo yangayi. Chaka chino ndinalirira mvula, yabwera. Mwandimva ndikutukwana thope? Walira mvula walira matope."

Mawu amenewo anafalikira padoko, n'kukhala mwambi. Tanthauzo lake ndi lakuti chabwino chilichonse chimabwera ndi zovuta zake, ndipo wochifunayo alandire zonse pamodzi. A Mkwepu sanadandaulenso. Anayendetsa boti lawo mpaka imvi zitadzaza mutu, ndipo wowafunsa za thope la pa malaya ankamuyankha monyada kuti, "Limeneli ndi la nangula wanga."