Mayi Amene Anaonetsa Ana Pamene Panali Mtengo

Panali mayi wina, namwino wa pachipatala china ku Balaka. Pa masiku a ukwati wake, iye ndi mwamuna wake ankakwera sitima kudutsa pa Nayuchi, kupita ku katauni kena ka m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Mozambiki. Kanali katauni kachete, ka msewu umodzi wamchenga, msika waung'ono, ndi mabwato a matanga amene ankatuluka m'mamawa. Kumeneko ndi kumene ankapumirako chaka ndi chaka, mpaka ana atabadwa ulendo unayamba kuvuta. Ankangouzana kuti ana akasinkhuka adzapita nawo.

Tsikulo lisanafike, mwamunayo anadwala n'kumwalira. Anasiya ana awiri, Mwandida wa zaka khumi ndi zitatu, ndi mlongo wake Lonjezo wa zaka zisanu ndi zitatu.

Patapita zaka zitatu, sukulu atatsekera, mayi uja anatenga tchuthi. Anati, "Konzekani, ndikakuonetseni kumene bambo anu ankakukonda." Anawo sanaionepo nyanja yamchere, ndipo njira yonse Lonjezo ankangofunsa ngati madziwo ndi owawadi ngati ndiwo zopyola mchere.

Anali ndi masiku atatu okha.

Tsiku loyamba mayiyo anawatengera ku nyumba imene ankagonako ndi mwamuna wake. Anaipeza itasanduka mosungira matumba a simenti. Anaima pakhomo nthawi yaitali, akuwafotokozera pamene panali khonde ndi mpando umene bambo awo ankakhalapo. Lonjezo anamva mkokomo wa mafunde kuseri kwa nyumbazo, n'kupempha kuti akalowe m'madzi. Mayi ake anati, "Mawa."

Tsiku lachiwiri anawatengera kumsika, kukafuna mayi wina amene ankawagulitsa nsomba zootcha. Anthu anati anasamuka kalekale. Kenaka anayenda nawo dzuwa lili pamutu mpaka pamene panali mtengo waukulu wa mango, umene iye ndi mwamuna wake ankakhala pamthunzi pake. Panatsala chitsa. Anawo ankayenda pambuyo pake, mchenga ukuwaotcha kumapazi. Lonjezo sanapemphenso za madzi.

M'mawa wa tsiku lachitatu anatsikira kugombe. Madzi anali ataphwa, mchenga wonyowa utayala mpaka kutali. Mayiyo analoza chapatali, akuti kuli tchalitchi chakale chimene ayenera kukachiona asanachoke. Pamenepo Mwandida anaima.

"Amayi," anatero motsitsa mawu, "bambo timawakumbuka, sitinawaiwale. Koma tikabwerera kusukulu, anzathu akatifunsa kuti tinaona chiyani kunyanja, tikawauze kuti tinaona pamene panali mtengo?"

Mawuwo anamulasa mayi uja. Poyamba anafuna kukalipa, chifukwa mumtima mwake ankati zonsezi akuchitira iwo. Koma anayang'ana Lonjezo. Mwanayo anali atafumbata nsapato zake m'manja, maso ali kumadzi, koma osasuntha phazi. Apo mayiyo anazindikira kuti masiku awiri athunthu wakhala akuyenda ndi malemu mwamuna wake, ndipo ana amoyo amangolondola pambuyo.

Anavula nsapato, anakwinya chitenje mpaka m'mawondo, n'kuyamba kuyenda kulowera kumadzi. Funde loyamba litamufika m'miyendo, anatembenuka.

"Lero mutsogole ndinu," anatero. "Ine ndikutsatani."

Lonjezo anathamanga, anagwa, anadzuka akulavula, n'kunena kuti madziwo ndi owawa kuposa mmene ankaganizira. Mwandida anaseka, kuseka kumene mayi ake anali asanakumve chimwalirire bambo awo. Kenaka anawo anamukokera mayiyo kumiyala ina kumapeto kwa gombe, kumene madzi pophwa anasiya timadziwe. M'menemo munali tinkhanu, tinsomba tamizeremizere, ndi zigoba zamitundumitundu. Zaka zonse zimene mayiyo ankabwera kumeneko, malo amenewo anali asanafikeko n'kamodzi komwe. Anagwada pamwala, ana ake akumuonetsa ichi ndi icho, ndipo misozi inatuluka, koma sanaibise, ndipo anawo sanachite nayo mantha.

Kutchalitchi kuja sanapiteko.

Ali m'sitima pobwerera, Lonjezo anatsamira paphewa la mayi ake n'kufunsa, "Chaka chamawa tidzabweranso kunyanja kwathu, eti?" Mayiyo anavomera. Aka kanali koyamba kumva wina akukutcha kumeneko kwathu, osati kwa bambo.

Inu makolo anzanga, aliyense wa ife ali ndi malo amene amawakonda chifukwa cha zimene zinapita. Si kulakwa kuwakumbuka, ndipo si kulakwa kuwauza ana. Koma mwana sangakonde chitsa chifukwa choti inu munakhalapo pamthunzi. Mukapita nawo, auzeni zakale pang'ono, kenaka vulani nsapato, muwalole akuonetseni zimene maso awo aona. Malo amene mukuwalira akhoza kukhala kuti akuyamba kumene m'mitima ya ana anu.