Kalavani ya a Gilford pa Khwekhwerere

Ku Kawale kudalibe yemwe sadaione kalavani ya a Gilford, kanyumba ka matayala komwe adagula kwa mzungu wobwerera kwawo mu 2006. Kadakhala pabwalo chaka chathunthu, nkhuku zikuikiramo mazira, mpaka mwana wawo Pemphani atapeza banja ku Mangochi. Apa mkuluyu adati katundu wa mwana wake sakwera basi.

Pemphani sadali ndi nkhawa ndi mbale kapena matilesi. Mtima wake udali pa makina osokera omwe malemu mayi ake adamusiyira, omwenso amati akadyere kubanjako.

A Mwamadi, owotcherera zitsulo ku Mchesi, ndiwo adalumikiza kalavaniyo kugalimoto. Adalangiza kuti zolemera zikhale kutsogolo kwa matayala, potsika mapiri a Khwekhwerere agwire giya wachiwiri, ndipo ngolo ikayamba kuvina asathamangire buleki. A Gilford, omwe adayendetsa galimoto za boma zaka makumi awiri koma osakokapo ngakhale wilibala, adangoti, "Zimenezo ndidadziwa kale, achimwene."

Tsiku la ulendo a Gilford adaika makina aja kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, n'kusanjikapo matumba atatu a chimanga. Ati apolisi a pa rodibuloko akafuna kuona katundu, asavutike n'kutsitsa zonse.

"Ababa, si paja a Mwamadi anati zolemera kutsogolo?" adafunsa Pemphani.

Adamuyankha kuti wowotcherera adziwe za moto, za msewu awasiyire eni ake.

Kuchokera pa Biwi mpaka ku Dedza, maso a Pemphani sadachoke pagalasi. Lole iliyonse ikawadutsa, kalavani inkagwedeza mchira. Bambo ake ankangoimba mluzu.

Atayamba kutsika Khwekhwerere, mluzu udatha. Galimoto idali m'giya wachinayi, kalavani ikuikankha kumbuyo ngati ng'ombe yolusa. Pa kona yachitatu kalavaniyo idapita kumanja, n'kubwerera kumanzere, ndipo a Gilford adachita chomwe adaletsedwa chija: adaponda buleki ndi mphamvu zonse. Kalavani idamenya mwala wa m'mbali mwa msewu, chitseko n'kuthothoka, katundu yense wa kumbuyo n'kukhuthukira kuphompho.

Onse awiri adatuluka m'galimoto amoyo. Pemphani adatsetsereka yekha mpaka pomwe padagwera makina. Adawapeza atathyoka pakhosi, chimanga chili mbwee. Adatola kabobini komwe kadali ndi ulusi wobiriwira, n'kukhala pamwala, kulira mayi ake kachiwiri.

Atakwera kumsewu adapeza bambo ake atagwira chipewa m'manja, akuyang'ana kanyumba kawo kali yasaa. Kwa nthawi yoyamba adafunsa mwana wawo chochita.

"Imbirani a Mwamadi," adatero Pemphani. "Ulendo uno muwamvere mpaka amalize."

Akuluakulu adaonadi patali ponena kuti ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo.