Machimo a pa Bolodi

Ahedi anapuma ntchito ya uphunzitsi mphamvu zikadalipo. Zaka makumi atatu akugwira choko. Kunyumba mpando unkawaluma. Bambo Mfumu atalengeza kuti parishi ikufuna akatekisiti ophunzitsa ana, mkono woyamba kukwera unali wawo.

Kalata inawapeza akusita malaya pakhonde. Aliyense wofuna ntchitoyi ayambe waphunzira milungu isanu ndi umodzi kwa Asisiteri.

"Ine?" anatero Ahedi. "Asisiteri amenewa ndinawaphunzitsa kugwira pensulo. Lero andiphunzitse kuphunzitsa?"

"Pitani, bambo," anatero akazi awo. "Sukulu ndi tchalitchi n'zosiyana."

"Mwana ndi mwana. Bolodi ndi bolodi."

Sanapite. Koma akatekisiti anali ochepa, ndiye Bambo Mfumu anawapatsabe ana makumi awiri okonzekera kulapa koyamba ndi Ukaristia woyamba. M'gululo munali mdzukulu wawo, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi.

Kalasi inali kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Mabenchi anayi, bolodi long'aluka pakona. M'menemo ngakhale ntchentche inkauluka mwaulemu. Malamulo khumi, masakramenti asanu ndi awiri, mapemphero onse, ana ankalakatula osapuma. Ahedi ankayenda chifuwa patsogolo. Atafika pa phunziro la kulapa, analemba chitsanzo pa bolodi. Machimo anangotola m'mutu mwawo, mutu wa munthu wamkulu.

"Lembani! Lowezani!"

Loweruka lomaliza Bambo Mfumu anabwera kudzayesa ana, makolo atadzaza kumbuyo.

"Uku si kulapa kwenikweni," anatero. "Ndingofuna ndimve mmene mungayambire."

Mwana woyamba anagwada. "Mundidalitse, Bambo, ndachimwa. Ndinaledzera kawiri. Ndinanyoza apongozi anga."

Kumbuyo wina anatsamwa. Wachiwiri nayenso analedzera kawiri. Wachitatu chimodzimodzi. Pofika wachisanu, mayi wina anafuula, "Iwe, unakwatira liti osatiuza?" Chipinda chonse chinagwa ndi phwete.

Bambo Mfumu sanaseke. Anaitana mdzukulu wa Ahedi.

"Mwanawe, tchimo n'chiyani?"

Anayankha ngati mmene zilili m'buku, osaphonya liwu.

"Chabwino. Sindikufuna undiuze kuti chiyani. Koma iweyo unayamba walakwirapo munthu?"

Mwana anayang'ana agogo ake. "Agogo, limenelo silinali pa bolodi."

Tsiku la anawo Bambo Mfumu analikankhira kutsogolo miyezi itatu. Kunyumba diresi loyera la mdzukulu linakhala pa msomali. Iye ankalipenya, kenako n'kupenya agogo ake. Kuyang'ana kumeneko kunkapweteka kuposa kuseka kwa makolo.

Lolemba m'mawa Ahedi anagula kope latsopano. Anagogoda kwa Asisiteri.

"Aphunzitsi! Khalani pampando apa."

"Ayi, mwana wanga. Pa benchi pomwepa."

Anakhala pakati pa telala ndi mayi wogulitsa pamsika. Anaphunzira kufunsa funso n'kudikira. Anaphunzira kukhala pansi kuti maso afanane ndi a mwana. Anaphunzira kuti chikumbumtima sichilemba mayeso, chimachita kudzutsidwa pang'onopang'ono. Poyamba lilime linkawayabwa. Analiluma. Kalasi yawo inayamba phokoso, mafunso, nthano, ngakhale mikangano.

Tsiku la kulapa linafika. Ana analowa mmodzimmodzi. Zimene ananena m'menemo Ahedi sakuzidziwa mpaka lero, ndipo pamenepo ndi pamene amanyadira. Anangoona mdzukulu wawo akutuluka, n'kulunjika kwa agogo ake aakazi.

"Agogo, kapu yanu ija anaswa si mphaka. Ndine. Pepani."

Agogo akewo anamukumbatira. Ahedi anatembenukira kukhoma, ati m'diso mwalowa kachitsotso. Mawa lake ana makumi awiri analandira Ukaristia, osatsala ndi mmodzi yemwe.

Masiku ano maphunziro a akatekisiti atsopano akamayamba, Asisiteri amaitana Ahedi kuti atsegulire. Amaimirira mowongoka, tayi ili m'khosi. Nkhani ya ana oledzera amaifotokoza okha, osabisa kanthu. Anthu akatha kuseka, amakweza chala.

"Amene akudziona kuti ndi katswiri, akhale benchi la kutsogolo. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo."