Nankhoma Aitana Mlongo Wake pa Doko la Durban

Kalekale, msewu wa tala usanadutse ku Linthipe kuno, m'mudzi mwathu muno munali munthu wina, mayi, dzina lake Nankhoma. Adzukulu inu nonse mwakhala apa, ameneyo ndiye gogo wa amayi anu. Ine ndinamuona ndi maso angawa atakalamba, akusenda chinangwa pakhonde, ndipo nkhaniyi ndinaimva kuchokera pakamwa pake.

Nankhoma anali wamfupi, koma mawu ake! Akaitana mwana wake kudambo, ana a midzi ina ankatembenuka. Ndipo anali wamakani. Akati ndilima apa, ankalima pomwepo ngakhale pali miyala. Akati ndipita, ndiye kuti wapita.

Anali ndi mlongo wake mmodzi yekha, wamng'ono kwa iye, dzina lake Zefaniya. Mnyamatayu atakula analembetsa Wenela, ulendo wa kumigodi ku Joni. Potsanzika analonjeza zambiri: njinga, malata, bulangeti lofiira la amayi awo a Nambewe. Chaka choyamba ankatumiza moni kudzera mwa anzake obwerera. Kenako zii. Anzake ankabwera ndi masutikesi, iye ayi. Mvula inagwa, mvula inatha, mvula inagwanso, iye ayi. Anthu anayamba kumutchula kuti mchona. Mukudziwa mchona inu? Ndi munthu wamoyo amene kwawo amamulira ngati wakufa, koma popanda manda oti n'kukasesa.

A Nambewe anakalamba, maso anachita khungu. Akamva mapazi a mwamuna pabwalo ankadzutsa mutu n'kufunsa kuti, "Ndi Zefaniya?" Tsiku lina kunabwera bambo wina wa kutsidya kwa mtsinje amene anagwirapo naye ntchito. Iyeyo anati Zefaniya anavulala mumgodi, anachoka, ndipo anthu anamuonapo ku Durban, pa doko pamene pamaima sitima za pamadzi.

Nankhoma anauza mwamuna wake, a Lufeyo, kuti, "Ndikukamutenga."

A Lufeyo anaseka. "Iwe mkazi? Ku Joni amapita amuna, ndi pasi m'thumba. Ku Durban ukudziwa kumene kuli?"

"Sindikudziwa. Koma iye anafikako ndi miyendo iwiri, ine ndili nayonso iwiri."

"Nanga ana?"

"Ana ali ndi bambo. Amayi anga ndi amene alibe mwana."

Anakolola, anatuta chimanga, anamanga kamtolo kake, ulendo. Ndikati ndifotokoze njira yonse, mudzandisiya pano ndekha. Anadutsa dziko la Apwitikizi wapansi. Anawoloka Zambezi pabwato, maso ali chotseka. Ku Sozibele, mzinda waukulu wa kutsidya kwa Zambezi, anakhalako miyezi akuchapira anthu zovala, ndipo kumeneko anaphunzira Chilapalapa, chiyankhulo chosakaniza chija chimene anthu a mitundu yosiyana ankamvana nacho pantchito. Anakwera malole a katundu, anabisala m'tchire pothawa apolisi, anawoloka Limpopo m'chilimwe madzi ali m'maondo. Anabwerera? Sanabwerere. Analira? Analira ndithu, koma ankalira akuyenda.

Atafika ku Durban anaona nyanja ya mchere, yopanda tsidya. Anaona sitima zazitali kuposa tchalitchi, ndi zitsulo zonyamulira katundu zitaimika makosi ngati akadyansonga. Koma doko lonse linali mumpanda, pachipata pali alonda, ndipo mkazi sankaloledwa kulowa. Iye ankaima panja m'mawa ndi madzulo, akufunsa aliyense wotuluka kuti, "Zefaniya Nkhoma wa ku Nyasalande?" Onse ankapukusa mutu. Mayi wina wogulitsa mahewu pachipatapo anamumvera chisoni, namuuza kuti, "Ukutaya mawu. Anthu akwanu akafika kuno amasiya mayina awo n'kutenga a Chizulu, kuti apolisi asawabweze. Amene ukumufunayo mwina wadutsa pano kangapo ali ndi dzina lina, nkhope ili bii ndi malasha."

Mukanakhala inu mukanatani? Chipata chatsekedwa, dzina lasinthidwa.

Nankhoma anayenda m'mbali mwa mpanda mpaka pamene mpandawo unathera. Kumeneko anapeza boti la injini, lopaka utoto wobiriwira, lokhala ndi mabenchi. Mwini wake anali Mmwenye wachikulire, dzina lake Govinda. Loweruka ndi Lamlungu ankakweza anthu, makamaka Amwenye anzake ndi anthu akuda ovala bwino, n'kuwazungulitsa doko lonse, akuwaonetsa malo otchuka ndi kuwafotokozera mbiri ya anthu amene anafika m'dzikomo pamadzi. Nankhoma anaona kuti botilo limadutsa pafupi penipeni ndi pamene amuna amasenza katundu. Anati mumtima, kumtunda atseka, koma kumadzi kulibe chitseko.

Anapita kwa Govinda. "Bwana, boti lanu lada. Ndizilikolopa, inu muzindikweza."

Govinda anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi ong'alukawo, navomera.

Loweruka loyamba anakhala kumbuyo, pafupi ndi injini. Govinda anaima kutsogolo ndi lipenga la chitini pakamwa, akuyankhula Chingerezi kenako Chilapalapa. Analoza phiri lalitali lotchinga khomo la doko, pamwamba pake pali nsanja ya nyale yotsogolera sitima. Analoza pamene ankakokerapo anamgumi, zinsomba zazikulu ngati nyumba, fungo lake loti n'kugwira mphuno. Analoza mbali ina ya phirilo nati, "Uko anakhazikako anthu amene anawomboledwa m'zombo za ogulitsa akapolo. Ena mwa iwo anagwidwa kutali kumpoto, m'maiko a nyanja zazikulu." Nankhoma anaganiza kuti mwina ena anali a kwathu konkuno.

Kenako boti linafika pa masitepe ena akale a miyala, obiriwira ndi ndere. Govinda anavula chipewa. Mawu ake anatsika. "Chapano ndi pamene agogo anga anatsikira. Anali mtsikana, anachokera ku India kudzadula nzimbe. Anawauza kuti akagwira zaka zochepa adzabwerera kwawo. Sanabwerere. Anafera konkuno, akutchulabe dzina la mudzi wawo." Amayi ena m'botimo anapukuta misozi ndi nsonga za nsalu zawo.

Boti linakhota, nalunjika kumene amakwezera malasha m'sitima. Sitima sizidziwa tsiku lopuma, choncho amuna anali pomwepo, mzere wautali, matumba pamsana, onse akuda mofanana. Nankhoma anaimirira. Sanaitane Zefaniya ayi. Anaitana dzina la ubwana, limene amayi awo anamupatsa chifukwa anabadwa nthawi yokumba mtedza, dzina loti mwamuna wamkulu sungamutchule nalo pagulu.

"Kamtedza iweee! Mwana wa Nambewe! Amayi akukuitanaaa!"

Mbalame za m'nyanja zinauluka. Mwana wina m'botimo anayamba kulira. Amuna a malasha anatembenuka n'kuseka, koma palibe anayankha.

Atakocheza, Govinda anali atafiira maso. "Boti langa si la amisala! Anthu amabwera kudzamva mbiri, osati kukuwa kwako. Usadzapondenso muno."

Nankhoma anachoka? Sanachoke. M'mawa mwake anamupeza atakolopa kale boti lonse, ataima pambali ndi chidebe chake. Govinda anamusiya pamtunda. Loweruka linalo, chimodzimodzi: boti loyera, mayi ali chilili, mvula ikumukwapula. Govinda anamusiyanso. Ulendo wachitatu mkuluyo anatopa, nati, "Mayi iwe, ukufuna chiyani kwa ine?"

Nankhoma anati, "Bwana, ndikufunseni. Sabata iliyonse mumavula chipewa pa masitepe aja, kulira agogo anu amene sanabwerere kwawo. Kodi ku India kuja analibe m'bale wawo? Panalibe amene ankaima pakhomo kuyang'ana kunjira?"

Govinda anati, "Ayenera kuti analipo."

"Ameneyo ndine. Iyeyo nyanja inamukanika kuwoloka. Ine ndawoloka zanga, ndafika. Mundibweza pano?"

Govinda anapukuta lipenga lake ndi malaya. Kenako anati, "Kwera."

Tsiku limenelo, atafika pa malasha, Govinda anazimitsa injini. Boti linangoyandama, phokoso lonse zii. Anauza anthu kuti, "Ndakuonetsani pamene anafikira anthu akale. Tsopano onani za lero. Amuna awo mukuwaonawo ambiri ndi ochokera kutali, ndipo mayi uyu wayenda kuchokera ku Nyasalande kudzafuna mmodzi wa iwo." Atatero anapereka lipenga lija kwa Nankhoma.

Anaitana. Palibe anayankha. Sabata yotsatira anaitana. Palibe anayankha. Mawu anasasa, anamwa madzi otentha a mandimu, anaitananso. Nkhani inafala mumzinda, anthu ena ankakwera botilo kuti adzangoona mayi wa ku Nyasa woitana uja. Mapeto ake ankamuthandiza. Tangoganizani: Amwenye, Azulu, amayi a zipewa za kutchalitchi, boti lonse likukuwa dzina la pamudzi pano, lilime likuwapotoka, "Kamtedzaaa!"

Ndiye Lamlungu lina masana, dzuwa lili pamutu, Nankhoma anasintha mawu. Anati, "Kamtedza! Ngati wafa, anzako andiuze ndikalire! Ngati uli moyo, dziwa kuti amayi saonanso! Mwamuna aliyense akadutsa pabwalo amafunsa ngati ndiwe!"

Pamzere paja munthu mmodzi anaima. Thumba linatsetsereka pamsana pake n'kugwa, fumbi la malasha kuti fwaa. Kapitawo anamukalipira, iye osamva. Anayenda mpaka m'mphepete mwa madzi, ndipo anthu anamva mawu a mwana woitanidwa ndi akulu:

"Wawa!"

Govinda sanadikire kuuzidwa. Analiza injini, nakankhira boti pa makwerero achitsulo, pamalo poti sankaloledwa kukocheza. Nankhoma anakwera makwererowo ngati mtsikana. Anaima pamaso pa munthu wowonda, wa imvi zodetsedwa ndi malasha, amene maso okha ndiwo anali a kwathu.

"Achemwali," anatero Zefaniya, mutu uli pansi, "ndinakumvani tsiku loyamba lomwe lija."

"Unandimva? Masabata onsewa ine ndikung'amba kukhosi, iwe ukumva?"

"Ndinkabisala kuseri kwa matumba." Anatulutsa dzanja lamanja. Linali ndi zala ziwiri zokha, zina zinatsala mumgodi. "Ndinalonjeza njinga. Ndinalonjeza malata. Taonani chimene ndili nacho. Ndikalowa bwanji m'mudzi? Anzanga anabwera ndi masutikesi, ine ndibwere ndi chiyani?"

Nankhoma anagwira dzanja lomwelo, naligwiritsa. "Amayi sanabereke njinga. Anabereka iwe. Tiye."

"Sindili ndekha, achemwali. Ndili ndi mwana wamkazi. Mayi wake anali Mzulu, anamwalira. Mwanayo amandisungira anthu."

"Ndiye ukuti ulibe chobwera nacho? Kamutenge."

Anthu m'boti muja ankaomba m'manja, ena akulira. Govinda anawatenga onse awiri, wamalashayo namukhazika pa benchi lakutsogolo, pakati pa anthu a zovala zoyera, ndipo palibe amene anasuntha.

Anafika kuno mvula yoyamba itagwa, anthu akubzala. Anali atatu: Nankhoma patsogolo, Zefaniya pambuyo, kamtsikana kali pamapewa pake. A Lufeyo anataya khasu m'munda n'kuthamanga. A Nambewe anali pamkeka. Atamva mapazi anadzutsa mutu monga mwa masiku onse, nafunsa funso lawo lija. Ulendo uno anayankhidwa. Anamupapasa nkhope, anamupapasa mapewa, anafika padzanja paja, anaima pang'ono, kenako anangoti, "Zatsalazi zikwana kugwira khasu." Anakhala ndi mwana wawo mpaka kukolola, namwalira ali m'manja mwake.

Kamtsikana kaja ndi agogo anu a Thokozile. Munkadabwa kuti dzina la Chizulu linalowa bwanji m'banja la Achewa? Linabwera pamapewa, kuchokera ku doko. Ndipo anthu akwathu amene anapita ku Durban pambuyo pake ankati mkulu Govinda, mpaka ukalamba wake, akafika pa malasha ankazimitsa injini n'kufotokoza za mayi wa ku Nyasa.

Tsono mverani, makamaka inu anyamata amene mitima ili kale pa basi ya ku Joni. Pitani, sitikuletsani, dziko ndi lalikulu. Koma m'banja muno tili ndi malamulo awiri amene anatisiyira mayi ameneyu. Loyamba ndi la otsala: munthu wathu akasowa sitikhala pansi n'kumati wachona. Timanyamuka, timafunsa, chipata chikatsekedwa timazungulira, mpaka timupeze. Lachiwiri ndi la opita: zikakuvuta kumeneko, usabisale. Ubwere ndi galimoto, tidzakulandira. Ubwere ndi jumbo, tidzakulandira. Ubwere chimanjamanja, madzi osamba tidzakuikira chimodzimodzi. Chimene sitilola n'chimodzi chokha: kumva m'bale wako akukuitana, iwe n'kukhala chete.